Makamera a pasitolo kuno ku Zomba: tigule a DVR, a NVR, a Wi-Fi kapena a sola?

Usiku umene anathyola golosale yathu ku Matawale kunagwa chimvula, ndipo magetsi anali atathima kuyambira madzulo. Akubawo sanalimbane ndi chitseko kapena mabagalabazi ayi. Anakwera padenga, anakanganula lata limodzi n'kutsikira m'kati, phokoso lonse litamizidwa ndi mvula ija. Kutacha tinapeza mafuta ophikira, shuga ndi sopo zitasesedwa m'mashelefu. Kamera tinali nayo imodzi, ya Wi-Fi, imene alamu anga anatigulira ku Limbe. Inathima limodzi ndi magetsi, ndipo potuluka anaizula n'kupita nayo, memori khadi lili momwemo. Wapolisi amene anabwera kudzaona anandifunsa mwaulemu kuti, "Mayi, ndamva kuti munali ndi kamera. Tingaone nawo zimene inajambula?" Ndinangoloza waya wolendewera pakhoma.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa amisiri, kuyendera anzanga amene anaika makamera ku Chinamwali, ku Mpondabwino ndi m'tauni, ndiponso kuwerenga timabuku ta m'makatoni timene ambirife timangotaya. Ogulitsa amathamangira kukuonetsani kuwala kwa chithunzi pa foni. Koma kuno kwathu mafunso oyamba ndi ena. Magetsi akathima, ijambulabe? Nanga zimene yajambulazo zikukhala pati, poti wakuba sangazinyamule? Kamera imene yalephera mafunso awiriwa yangokongoletsa khoma, kaya pakatoni alembapo manambala akuluakulu bwanji.

Mukufuna kuona chiyani kwenikweni?

Kuba kwa pamalonda kuli pawiri. Kulipo kwa usiku, kothyola, ngati kumene kunatigwera ife. Ndiye kulipo kwa masana, kopanda phokoso: kasitomala wolowetsa botolo la mafuta odzola m'chikwama, mnyamata wa pakauntala wolandira ndalama osalemba m'buku, kapena mkangano wa pa Airtel Money, wina akulumbira kuti anapereka K20,000 pamene womuthandizayo akuti analandira K10,000. Anzanga ambiri amavomereza monong'ona kuti kwa masanaku ndiko kumadya mpamba, pang'onopang'ono ngati chiswe, makamaka poti wa pakauntala kawirikawiri amakhala mwana wa achemwali kapena mdzukulu. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kamera yoyang'ana bwino pa kabati ya ndalama imathetsa nkhani zotere popanda kulozana zala pabanja, ndipo imapulumutsanso mwana wokhulupirika amene akanamunamizira.

Pali kawerengedwe kena kamene ndikanakonda ndikanakadziwa kale. Akatswiri a makamera amati kuti nkhope ya munthu wachilendo izindikirike bwinobwino, pamafunika timadontho ta chithunzi pafupifupi 250 pa mita iliyonse ya malo amene kamera ikuona. Kamera ya 1080p, imene amaitchanso 2MP, ili ndi timadontho 1,920 kuchokera kumanzere kufika kumanja. Mukagawa mupeza mamita osakwana 8. Ndiye kamera imodzi yokolekedwa pakona kuti ione bwalo lonse, msewu ndi a kabaza omwe, idzakuuzani kuti kunabwera anthu atatu, koma sidzakuuzani kuti ndi ndani. Pamafunika ina yoyang'ana pakhomo penipeni, ndipo isakwezedwe kwambiri, chifukwa ikakhala m'mwamba zedi imangojambula zipewa ndi mapewa. Ya diso la 2.8mm imaona motakasuka, ndi yabwino m'kati mwa sitolo. Ya 4mm kapena 6mm imaona mopanikiza koma imakoka nkhope ya amene ali pataliko. Ya pakhomoyo ikhalenso ndi chimene pakatoni amalemba kuti WDR, apo ayi dzuwa lochokera kumbuyo kwa wolowa limamusandutsa chithunzithunzi chakuda bii.

Makamera a waya ndi DVR

Iyi ndiyo njira imene mumaiona m'masitolo ambiri: makamera anayi kapena asanu ndi atatu, iliyonse ndi waya wake wa coaxial wopita ku kabokosi kotchedwa DVR, momwe muli hadi disiki yosungira zojambula. Musainyoze poti ndi yakale. Makamera amakono a mtunduwu, a Hikvision, Dahua ndi ena, amajambula 2MP kapena 5MP, kusiyana kutali ndi akale aja amene chithunzi chake chinkaoneka ngati chifunga cha pa Ku Chawe. Safuna intaneti kuti ajambule. Amajambula usana ndi usiku osadukiza. Waya wake amayenda mamita oposa 200 chithunzi osafooka, zomwe zimathandiza ngati muli ndi nyumba yosungira katundu kuseri kwa mpanda. Amisiri owadziwa ndi ambiri, ndipo kamera imodzi ikafa mumagula ina n'kulumikiza, osayambiranso zonse.

Ubwino wake waukulu kwa ife ndi wakuti makamera pamodzi ndi DVR yake zimayendera 12V, mphamvu yofanana ndi ya batire la sola. Alipo mabokosi a magetsi opangidwira makamera, okhala ndi polumikizira batire, amene amatchaja magetsi akakhalapo n'kusinthira okha ku batire akathima. Simufunika invata, ndipo mphamvu siitayika panjira. Kwa munthu wa golosale, wa hadiweya yaing'ono kapena wa sitolo ya mankhwala, ine ndimayamba n'kumulozera kumeneku.

Zovuta zake ziliponso. Kamera iliyonse imafuna njira ziwiri, ya chithunzi ndi ya magetsi, ndiye mawaya amachuluka. Timitu ta BNC ta kumapeto kwa waya timachita dzimbiri ndi chinyontho cha kuno kuphiri, chithunzi n'kuyamba kunjenjemera kapena kuthima pakati pa dzinja. Makoswe a m'siling'i amatafuna waya wosalowetsedwa m'paipi. Koma choopsa kwambiri ndi chimene ndachiona m'masitolo angapo: DVR yakhazikidwa pansi pa TV, pakauntala pomwepo, nyali zake zikuphethira kuti aliyense aione. Wakuba wodziwa ntchito yake amayamba kunyamula imeneyo. Ibiseni m'bokosi lachitsulo lokhoma, lokhala ndi mabowo olowa mpweya, m'chipinda china kapena m'nyumba mwanu ngati sitolo ili pakhomo. M'siling'i pansi pa malata musaikemo, kutentha kwa mu October kumapha disiki. Bambo wina wa hadiweya anandionetsa nzeru yake: pakauntala anasiyapo DVR yakale yakufa, mawaya ali olumikizalumikiza, pamene yeniyeniyo ili kwina.

Makamera a IP ndi NVR

Awa ndi ang'ono ake a aja, obadwa nthawi ya makompyuta. Kamera iliyonse ili ngati kakompyuta payokha, ndipo imalumikizidwa ndi waya mmodzi wa netiweki, Cat5e kapena Cat6, amene amanyamula chithunzi ndi magetsi omwe. Njira imeneyi amaitcha PoE. Kabokosi kosungira ndiye NVR. Chithunzi chake chimakhala chakuthwa, 4MP mpaka 8MP, moti mungathe kukoka mbali ina ya chithunzi n'kuwerenga nambala ya galimoto kapena kuona mtundu wa ndalama imene yaperekedwa. Ambiri amatha kusiyanitsa munthu ndi galu kapena nthambi yogwedezeka ndi mphepo, kotero foni siilira chisawawa usiku wonse. Mungathenso kujambula mzere pachithunzi, wina akaudutsa nthawi imene mwatseka, uthenga n'kubwera.

Mtengo ndiye umakwera. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo tonse tinaona mmene mitengo inadumphira kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Waya wa netiweki sayenera kupitirira mamita 100 popanda chowonjezera pakati. NVR ya PoE imafuna 48V, ndiye kuti magetsi akathima pafunika invata kapena UPS (kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima), batire lokha silikwanira. Ndipo zikasokonekera, vuto limakhala la manambala a netiweki, osati waya woduka amene mungamuone ndi maso. Nthawi zina mudzadikira mmisiri wochokera ku Blantyre, n'kumulipirira mayendedwe a pa M3 kupita ndi kubwera.

Ndani ayenera kulowa m'zimenezi? Wa holuselo, wa malo ogona alendo, wa sukulu yapulaiveti, wa malo ogulitsa mafuta a galimoto, aliyense amene ali ndi geti lolowa magalimoto kapena amene akudziwa kuti m'zaka ziwiri makamera ake adzafika khumi ndi awiri. Wa sitolo ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndalama yowonjezerayo ndi bwino aiike pa batire labwino kusiyana n'kuiika pa 8MP.

Timakamera ta Wi-Fi

Apa ndilankhula mofatsa chifukwa ndi pamene ndinapsa, komabe sindingatinyoze tonse. Ta mayina odziwika monga Tapo, Ezviz ndi Imou timajambula bwino, timatsika mtengo, mumatiika nokha m'mphindi zochepa, ndipo tina timazungulira mukatilamula pa foni. Tili ndi maikolofoni, kotero mumamva zimene zikukambidwa pakauntala. Kwa mayi wa saluni ku Chikanda amene akufuna kudziwa kuti lero atsikana aluka mitu ingati, kapena wa kabenchi ka Mpamba amene vuto lake ndi mikangano ya masana, kamodzi kokha kakhoza kukwanira. Ndi tabwinonso kwa amene akuchita lendi, amene eni nyumba sangamulole kuboola makoma, ndipo akasamuka amangokazula n'kukaika m'thumba.

Kuzulika msangako ndiye vuto lake lomwe. Zojambula zimakhala m'memori khadi limene lili m'kamera momwemo, ndiye wakuba akatenga kamera watenganso umboni. Khadi la 64GB, kamera ikamajambula osapuma, limangotenga masiku ochepa lisanayambe kufufuta zakale. Makhadi achinyengo aliponso, olembedwa 128GB koma m'kati muli malo ochepa, ndipo mumadzazindikira tsiku limene mukufuna kanema wa dzana. Gulani olembedwa High Endurance, opangidwira kulemba ndi kufufuta tsiku ndi tsiku. Wi-Fi nayo siidutsa bwino makoma a njerwa awiri kapena atatu, ndiye kamera ya kuseri imangoduka n'kubwerera.

Ogulitsa adzakuuzani za kusunga pa intaneti, kumene amati cloud, kuti ngakhale kamera ibedwe kanema atsale. N'zoona, ndipo ndi yankho lenileni pa vuto ndatchulali. Koma kumalipiridwa mwezi ndi mwezi mu ndalama yakunja kudzera pa khadi la kubanki, ndipo kumadalira kuti rauta yanu ili ndi magetsi komanso bandulo pa ola limenelo. Mukasankha njira imeneyi, ikani kuti itumize tizidutswa tokha ta pamene wina wadutsa. Kamera imodzi yotumiza osapuma imameza ma GB oposa 300 pamwezi.

Za makamera a mu babu, aja opotokolera m'malo mwa getsi, ndingonena mwachidule. Wina akathimitsa switchi pakhoma, athima. Mapulogalamu ake a pa foni ndi osadalirika, ndipo usiku nkhope siioneka. Chimodzimodzi makamera abodza apulasitiki, a kanyali kofiira: amaopseza mwana wofuna kuba switi, koma amene wakhala akuzonda sitolo yanu kwa sabata amawadziwa.

Makamera a sola a simukhadi

Awa anabwera kudzathandiza malo opanda magetsi ndi intaneti: chigayo cha dizilo cha ku Jali, khola la nkhuku cha ku Thondwe, malo amene mukumanga ndipo matumba a simenti agona panja, kapena dimba la m'mbali mwa Likangala. Kamera ili ndi batire lake, sola yake ndi polowetsa simukhadi ya 4G. Mumaikhoma pamtengo wautali, basi.

Muyenera kumvetsa mmene imagwirira ntchito kuti isadzakukhumudwitseni. Pofuna kusunga batire, yambiri imagona. Imadzuka ikamva kutentha kwa thupi loyenda patsogolo pake, n'kujambula kwa masekondi angapo, n'kugonanso. Munthu wodutsa mothamanga kapena wodutsa patali mungangoona msana wake, kapena osamuona n'komwe. Kachipangizo komva kutenthako sikagwira kudzera pa galasi, ndiye musaiike m'kati kuti iyang'ane panja pazenera. Pamalo odutsadutsa anthu, monga pafupi ndi msika waukulu kapena depoti, imadzuka kosalekeza mpaka batire kutha. Nyengo ya chiperoni, mu June ndi July, pamene mitambo imakuta phiri masiku atatu kapena anayi osaona dzuwa, ndi pamene mphamvu ya batire lake imadziwika. Sola muiyang'anitse kumpoto, poti ndiko dzuwa limapendekera miyezi imeneyo, ndipo muziipukuta fumbi.

Musanagule, pitani pamalopo ndi foni ya Airtel ndi ya TNM, muime pamene kamera idzakhale, muone netiweki imene ikukoka. Kuno mapiri ndi zigwa zimachititsa kuti pena igwire bwino, mamita ochepa kutsogolo n'kusowa. Ndipo lembani penapake tsiku limene bandulo ya m'kameramo ithere, chifukwa ikatha kamera siikuuzani, imangokhala chete.

Magetsi ndiwo mutu wa nkhani

Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wochita malonda amakumbukira maola amene tinkakhala mumdima. Zotere zikhoza kubweranso, ndipo ngakhale popanda namondwe, mtengo umodzi ukagwera mawaya usiku wa mvula dera lonse limathima. Akuba nawo amadziwa kuwerenga nyengo. Chakudza sichiimba ng'oma, ndiye batire si chinthu choti "tidzawonjezera m'tsogolo". Liwerengereni pa mtengo woyamba.

Masamu ake ndi osavuta. Makamera anayi ndi DVR yake amadya mawati pakati pa 30 ndi 40, makamaka usiku pamene nyali zake zoonera mumdima zayaka. Pamwezi amenewo ndi mayunitsi pafupifupi 29. Ka UPS kaja ka kompyuta, kokhala ndi batire la 7Ah m'kati, kakhoza kukugwirirani ola limodzi, mwinanso osakwana. Kanapangidwira kuti munthu atseke kompyuta bwinobwino, osati kuchezera usiku. Batire la 12V la 100Ah limasunga 1,200Wh. Ngati ndi la asidi kapena la gel, simuyenera kulikama kupitirira theka, apo ayi limafa msanga, ndiye muwerengere 600Wh. Mukagawa ndi 40 mupeza maola 15, okwanira kuchokera madzulo mpaka kucha. La lithium limadula pogula koma limalola kukamidwa kwambiri ndipo limakhala zaka zambiri. Batire la galimoto ndi loyambitsira injini, mukaliika apa silichedwa kufooka. Mukakhala kale ndi sola pasitolo, auzeni amisiri alumikize makamera ku mbali imene siithima, ndipo rauta nayo ikhale komweko.

Mvula ya kuno imabwera ndi mphenzi, ndipo waya wautali wodutsa panja amatha kuikokera mpaka m'kabokosi. Ikani chotetezera pa soketi, waya wa panja alowe m'paipi, ndipo makamera a panja akhale olembedwa IP66 kapena IP67, kutanthauza kuti salowa fumbi ndi madzi a mvula, polumikizira pake potsekeredwa m'kabokosi kosalowa madzi. Magetsi akamabwera pambuyo pothima ndi pamenenso zipangizo zambiri zimapsa.

Kanthu kena kakang'ono kamene palibe wogulitsa anandiuzapo ndi tizilombo. Nyali zoonera mumdima zimakoka tizilombo touluka, akangaude n'kumanga ukonde pa diso penipeni, usiku chithunzi chonse n'kungoyera mbee. Mvula zoyamba zikagwa, ngumbi zimachita kuunjikana pamenepo. Makamera a mtundu wa turret, amene nyali yake ili padera ndi diso, savutika kwambiri poyerekeza ndi aja ovindikiridwa ndi galasi lozungulira. Dziwaninso kuti usiku makamera ambiri amajambula zakuda ndi zoyera zokha, ndiye simudziwa ngati jekete linali lofiira kapena lobiriwira. Amene amajambula mitundu usiku, monga ColorVu ya Hikvision kapena Full-color ya Dahua, amathandiza pakhomo, ndipo getsi lowala bwino pakhonde limakometsa chithunzi cha kamera ya mtundu uliwonse.

Disiki ndi bandulo

Kamera imodzi ya 2MP yojambula osapuma imadzaza ma GB pafupifupi 21 patsiku. Anayi amadzaza disiki ya 1TB m'masiku 11 kapena 12, kenako zakale zimafufutika zokha. Ganizani tsopano: ambirife timawerenga katundu kamodzi pamwezi. Mukazindikira pa 30 kuti makatoni awiri a sopo akusowa, kanema wa pa 10 anapita kalekale. Choncho funsani makina odziwa H.265, njira yopanikizira kanema imene imachepetsa kukula kwake ndi pafupifupi theka, ndipo ngati thumba likulola tengani 2TB, imene ndi H.265 imapitirira mwezi. Disikiyo ikhale yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Ena amakuikirani yakale yochotsedwa m'kompyuta. Pemphani kuiona isanalowe m'bokosi.

Kuonera pa foni, kudzera pa Hik-Connect, DMSS kapena pulogalamu ina, n'kokoma masiku oyamba, mpaka mutaona bandulo ikusungunuka. Chithunzi chowala cha kamera imodzi chimadya pafupifupi 900MB pa ola, chopepuka chimadya 200MB ndi pang'ono. Siyani pa chopepuka, muzitsegula chowalacho pokhapokha pali chimene mukufuna kuonetsetsa. DVR yokha siidya bandulo yambiri ngati palibe amene akuonera.

Mmisiri, pasiwedi ndi ulemu wa anthu

Makina abwino oikidwa ndi munthu wosasamala amaposedwa ndi makina wamba oikidwa bwino. Funsani mmisiri akutengereni kumene anaikako chaka chatha, osati sabata yatha, ndipo mukapemphe kuona kanema wa usiku, osati wa masana. Akulembereni mtengo wa chinthu chilichonse pachokha, ndi dzina lake ndi nambala yake. Waya mupale pang'ono ndi mpeni: akayera m'kati ndiye kuti ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, amene amathyoka msanga ndipo amafooketsa magetsi panjira. Gwirizanani kuti kamera ikathima mwezi wachitatu abwera ndani, ndipo alipira mayendedwe ndani.

Asanachoke, mukhale naye pansi. "Achimwene, ndiphunzitseni kubweza kanema wa dzulo ndi kumukopera mu fulashi, ndichite ndekha inu mukuona." Mukapanda kutero, tsiku la tsoka mudzakhala mukuimba foni imene siikuyankhidwa, apolisi akudikira. Akaunti ya pa foni ikhale pa nambala yanu, osati yake, ndipo akangotuluka sinthani pasiwedi. Si nkhani yomukayikira. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi ma DVR ochuluka zedi padziko lonse, pongoyesa mapasiwedi a kufakitale amene eni ake sanasinthe. Muzionanso wotchi ya m'makinamo. Kabatire kake kakang'ono kakatha, tsiku limabwerera m'mbuyo magetsi akathima, ndipo kanema wolembedwa chaka cholakwika amavuta kumuteteza kukhoti.

Ogwira ntchito auzeni poyera kuti mwaika makamera ndi pamene ayang'ana. Pakhomo pakhale chikwangwani. M'chimbudzi, m'chipinda choyesera zovala ndi m'zipinda zogona alendo musaikemo kamera, zivute zitani, ndipo ya panja isasuzumire m'bwalo la aneba. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, lofuna kuti wosunga zokhudza anthu ena akhale ndi chifukwa chomveka ndipo azisamale. Ndikupempheninso ndi mtima wonse: mukagwira nkhope pa kanema, pitani nayo kupolisi, osati pa gulu la WhatsApp la m'dera kapena pa Facebook. Chithunzi cha usiku chimafananitsa anthu, ndipo tonse tikudziwa zimene gulu lokwiya limachita likamva kuti "wakuba uja ndi uyu". Mwana wa mnzanu akhoza kuvulazidwa chifukwa chovala jekete lofanana.

Kamera siigwira munthu dzanja. Imaona, imakumbuka, ndipo imabweza amene akadali ndi mantha. Mlonda, maloko olimba ndi aneba omvana ntchito yawo ikadalipo. Ife titathyoledwa tinayamba ndi denga: tinakhoma waya wolimba pansi pa malata m'chipinda chosungira katundu. Kenako tinaika makamera anayi a DVR, ina pakhomo motsikirapo, ina pamwamba pa kabati ya ndalama, ina m'chipinda cha katundu, yachinayi kuseri yoyang'ana khoma limene anakwerera. DVR ili m'nyumba, batire la 100Ah lili pambali pake. Ka Wi-Fi kamodzi tinawonjezera pambuyo pake, koyang'ana chitseko cha kumene kuli DVR, kotumiza uthenga pa foni.

Lolemba lililonse ndisanatsegule, ndimabweza kanema wa usiku wa Loweruka kuti ndione ngati onse anayi anajambula, ndimayerekeza wotchi yake ndi ya pa foni, kenako mdzukulu wanga amakwera pampando ndi tsache kukachotsa ukonde wa akangaude pa ya kuseri ija, imene amaikonda kuposa zonse.